Vinyo wa Amalume Sadziwa Loweruka

Malita 320 a vinyo, lita iliyonse makoruna 110, ndalama zathu za kuno, zonse pamodzi makoruna 35,200. Ndinawerengera katatu ndipo katatu konse masamu anandisekerera. Chimene ndinaiwala kuika m'masamumo ndi amalume anga, a Vendelín Hrbáček.

Amalumewa ali ndi zaka 71. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri ankayendetsa thirakitala pamunda wa kopaletivi, ndipo zinthu zitasintha m'dziko muno anawabwezera kamunda ka mphesa ka bambo awo, kuseri kwa tchalitchi. Chilandirireni kamundako sanagonepo kunja kwa mudzi uno, kupatula sabata imene anakawang'amba bondo ku Kyjov. Ngakhale ali pabedi la chipatala ankaimbira amayi anga kuti apite kuphanga lawo la vinyo, akagunditse foni pamgolo, iwo amve mmene mukuwirira. Amayi ankapitadi. Ndi mlongo wawo, anawazolowera.

Mapanga a vinyo m'mudzi mwathu alipo 19, okumbidwa motsatizana m'mbali mwa phiri, lililonse ndi chitseko chake ndi benchi panja. La amalume ndi lachinayi. Akazi awo anamwalira ine ndili ku sekondale, ndipo kuyambira pamenepo phangalo ndilo khitchini yawo, ofesi yawo ndi pochezera pawo. Kunyumba amangopita kukagona ndi kukasintha malaya, akakumbuka.

Ine ndine Svatava. Ndinagwirapo ntchito zaka zitatu m'sitolo ya zakudya mumzinda wa Brno, ndipo kumeneko ndinaona ndi maso anga alendo akulipira ndalama zambiri pa zinthu zimene kwathu timangopatsana pampanda. Ndinabwerera kumudzi ndi maganizo amodzi: burčák.

Burčák ndi madzi a mphesa amene ayamba kuwira koma sanafike pokhala vinyo. Ndi wotuwa, wotsekemera, amaluma lilime pang'ono, ndipo munthu amamwa ngati sobo mpaka miyendo itamuuza zoona. Vuto lake ndi limodzi. Kukoma kwake kwenikweni ndi kwa tsiku limodzi, akachita chifundo masiku awiri. Akapyola pamenepo amasasa.

Mu Ogasiti ndinagwirizana ndi Mayi Ilona Šebestová, amene amabweretsa mabasi a alendo kuchokera ku Vienna. Loweruka lachitatu la Sepitembala, 2 koloko masana, adzabwera ndi anthu 46. Aliyense adzalawa burčák, adzadya buledi wopaka mafuta ankhumba ndi anyezi, nkhaka zamumchere ndi makeke a jamu wa zipatso za maplamu, kenako adzagula botolo lopita nalo kwawo. Wotsala ndidzagulitsa pamsewu Lamlungu. Mayiwo anandiuza mosabisa: “Akasangalala, ndikupatsa Loweruka lililonse mpaka Okutobala athe. Akadandaula, ndili ndi manambala a foni a anthu ena khumi.” Mabasi asanu ndi limodzi. Usandifunse kuti ndinachulukitsa kangati.

Ndinakhala pansi ndi amalume n'kuwafotokozera bwinobwino. Mphesa zikafinyidwa, burčák amafika pakukoma patatha masiku anayi kapena asanu. Ndiye tikolole Lolemba, tifinye Lachiwiri, Loweruka zinthu zidzakhale pamalo pake.

“Ndamva,” anatero amalume.

Loweruka la sabata yam'mbuyo, ine ndili ku Kyjov kogula mabotolo, iwo anaitana anzawo atatu n'kukolola mphesa zonse zoyambirira. Pofika Lamlungu masana anali atafinya kale.

“Amalume! Tinagwirizana Lachiwiri!”

“Unagwirizana ndi ine. Ndi mavu unagwirizana nawo? Pita ukaone mmene aboolera mphesa mzere wakumunsi. Ndipo Lolemba kugwa mvula.”

Mvula sinagwe. M'malo mwake kunatentha sabata yonse ngati tabwerera mu Julaye, ndipo mgolo unayamba kuwira mwaliwiro. Lachiwiri ndinapeza munthu ku mudzi woyandikana nawo amene akanatibwereka makina oziziritsira, kuti kuwirako kuchedwe ndi masiku awiri. Makoruna 600 okha. Amalume anandiyang'ana ngati ndati tikaike agogo mufiriji.

“Chinthu chamoyo ichi, mwanawe. Ukachiziziritsa chimakwiya, ndipo amene wamwa amadwala mutu.”

“Aliyense ku Brno amaziziritsa.”

“N'chifukwa chake a ku Brno amabwera kuno.”

Lachinayi m'mawa ndinawapeza atagunditsa khutu pamgolo, maso atatsinzina. Anatenga kachubu kawo kagalasi, anakoka pang'ono, analawa, ndipo nkhope yonse inamasuka. “Ndi lero,” anatero. Ndiye anatsegula chitseko cha phanga mbali zonse ziwiri n'kukhala pabenchi.

Kwathu kuno chitseko cha phanga chikakhala chotsegula, ndiye kuti wodutsa aliyense waitanidwa. Ndi mmene ankachitira bambo awo, ndipo amalume saona chifukwa chosinthira. Wapositi analowa. Anthu asanu apanjinga ochokera ku Zlín analowa. Amuna awiri okonza mawaya a magetsi analowa kawiri. Amene wafuna kulipira ankaika ndalama m'kachitini, amene sanafune ankangoti zikomo. Mayi wina anatunga malita asanu n'kusiya mazira khumi. Ine ndinaima pakhomo, mtima ukuwira kuposa mgolo.

“Amalume, awa ndi a alendo anga a Loweruka!”

“Alendo ako ali ku Vienna. Awa ali pano, ndipo burčák ali pano. Imwa, usiye kuwerenga milomo ya anthu.”

Ndinamwa. Ndisaname, anali wokoma kuposa aliyense amene ndinalawapo, ndipo zimenezo zinangondiwonjezera ukali. Lachisanu madzulo ndinaviika ndodo mumgolo ndipo ndinapeza kuti malita 74 apita. M'kachitini munali makoruna 2,150 ndi batani la malaya.

Loweruka ndinadzuka m'mamawa kudula buledi. Amayi anali ataphika makeke 150. Cha m'ma 9 koloko amalume anakoka m'kachubu, anazunguza m'kamwa, n'kulavulira pansi.

“Wapita.”

Ndinalawa nanenso. Kutsekemera kunali kutathawa, kunatsala kuluma kokha. Sanali woipa ayi, koma sanali uja wa Lachinayi.

“Amalume, tamverani. Anthu awa sanamwepo burčák chibadwire. Sangadziwe. Tithiremo madzi a mphesa atsopano, kapena shuga pang'ono, tivundule, basi.”

“Shuga,” anatero, ngati ndatukwana m'tchalitchi.

“Makilogalamu atatu okha!”

“Sangadziwe, zoona. Apita kwawo n'kumakauza anzawo kuti burčák wa kuno ku Moravia ndi madzi a shuga osasa, ndipo anamwa kwa Hrbáček. Ayi. Uyu tsopano ndi vinyo wakhanda. Musiye agone, mu Malichi udzamugulitsa m'mabotolo.”

“Basi ikubwera lero, osati mu Malichi!”

Anatseka chitseko, anaika kiyi m'thumba la buluku, n'kukhala pabenchi atapinda manja. Ndinawachonderera. Ndinawakumbutsa kuti ndinasiya ntchito ya malipiro apamwezi chifukwa cha zimenezi. Ndinaitana amayi, amene anangoti, “Ndakhala naye zaka 63, sindinamugonjetsepo,” n'kubwerera ku makeke awo. Ndinagwira foni kanayi kuti ndiimbire Mayi Ilona ndipo kanayi konse ndinaibweza m'thumba.

Basi inafika mphindi khumi isanakwane 2 koloko. Anthu 46 anatsika, ena ndi zipewa zadzuwa, ena akujambula kale zitseko. Mayi Ilona anabwera kwa ine akumwetulira, ndipo anayang'ana loko wa pachitseko.

“Svatava, kodi tafulumira?”

Ndisanapeze bodza loti ndinene, amalume anadzuka, anavala chipewa chawo cha Lamlungu, anakweza dzanja n'kufuula m'Chijeremani chawo cha mawu asanu kuti onse awatsate. Ndipo anawatsatadi, ngati atsekwe. Anadutsa zitseko zisanu n'kuima pa phanga la Mayi Drahuše Polášková.

Amalume ndi Mayi Drahuše sanapatsanepo moni wabwino kwa zaka khumi ndi chimodzi, chifukwa cha mtengo wa mtedza umene uli pamalire a minda yawo. Mayiwo anatuluka akupukuta manja pa epuloni.

“Ha! A Hrbáček pakhomo panga? Wafa ndani?”

“Palibe wafa. Burčák wanu wafika lero. Ndamumva fungo ndikudutsa m'mawa.”

“Nanga wanu uja mumatama m'mudzi monse?”

“Anali Lachinayi. Mukanabwera mukanaphunzirako kanthu.”

“Ndiye mwandibweretsera Ajeremani kuti ndikupukuteni manyazi?”

“Ndakubweretserani ndalama, mayi inu. Tsegulani, anthu ali ndi ludzu. Za mtedza tidzakangana mawa.”

Anatsegula. Ine ndinathamanga maulendo asanu ndi awiri pakati pa mapanga awiriwo, kututa buledi, nkhaka, makeke ndi mabotolo anga amene ndinali nditamatapo kale dzina langa. Amalume anaima pamgolo wa mdani wawo ndi kachubu kawo, akuthirira alendo ngati phangalo ndi lawo, uku akudandaula mokweza kuti matambula a Mayi Drahuše ndi aang'ono. Alendo anamwa, anaseka, anajambula. Bambo wina wonenepa wa ku Linz anadya makeke asanu ndi anayi, ndinawerenga. Mayi wina anafunsa ngati nkhalamba ziwirizo zili pabanja, ndipo onse awiri anayankha limodzi mawu amene Mayi Ilona anakana kumasulira.

Mabotolo anagulidwa 46, a lita ndi theka, ndipo ndalama yake yonse inalowa m'thumba la epuloni ya Mayi Drahuše. Ine ndinatsala ndi ya chakudya yokha. Nditachotsa ufa, mafuta ndi mabotolo, phindu langa linali makoruna 1,900. Basi itayamba kusuntha, amalume anaithamangira ndi bondo lawo lija, akumenya pagalasi ndi kufuula kuti asamange zitsekero, apo ayi mabotolo aphulika asanafike pamalire.

Mayi Ilona anaimitsa dalaivala, anatsika n'kundikokera pambali. Sanali kumwetuliranso.

“Asangalala, sindikana. Koma ine ndinalemba khomo lachinayi, ndipo ndamwera khomo lakhumi. Sindikonda kudabwitsidwa, mtsikana iwe. Sabata yamawa ndilembe khomo liti?”

Ndinayang'ana mzere wonse wa zitseko. Zinayi zinali zotsegula, zina zotseka, ndipo kuseri kwa chilichonse kunali mgolo umene uli ndi tsiku lakelake.

“Musalembe khomo,” ndinatero. “Lembani dzina langa. Lachisanu madzulo ndidzakuimbirani kukuuzani pomwe basi idzaime, ndipo burčák wake adzakhala wa tsiku lomwelo.”

“Loweruka limodzi,” anatero. “Osati asanu. Limodzi, kenako tidzaona.”

Basi itapita ndinapeza amalume atatsegulanso phanga lawo, akudya keke yotsala.

“Waona?” anatero. “Zayenda bwino.”

“Zayenda bwino kwa Mayi Drahuše! Malita 69, amalume!”

“Eya, nayenso ndi munthu, ngakhale ndi wakuba mtedza.”

Ndinawafunsa kuti mwa mapanga 19 aja, ndi angati amene iwo angadziwe tsiku lake pongodutsa pakhomo. Anati onse, kupatula la a Zbořil, chifukwa limenelo ngakhale mwini wake sadziwa chimene chili mumgolo.

Ndiye Lolemba m'mawa ndiyamba pakhomo loyamba mpaka lomaliza, kufunsa aliyense tsiku limene afinye ndi malita amene angagulitse, ndipo ndiwauza kuti pa lita iliyonse yopita m'basi ine nditengapo makoruna 15. Chakudya chikhala changa. Lachisanu masana nditenga amalume, tiyende mzere wonse, iwo anunkhize, ine ndilembe, kenako ndiimbire Mayi Ilona.