Malata a Khonje

Titathawa nkhondo ku Ngauma, ine ndi mayi anga tinafikira ku Cuamba, kumene ndinapeza ntchito pakafakitale kopanga malata a khonje. Malata enieni anali atasowa. Tinkayala ulusi wa khonje pachikombole, n'kuthira utomoni wa pulasitiki, ukauma n'kukhala lata.

Ine ntchito yanga inali yoviika. Khonje ndi utomoni zimayaka ngati udzu wa m'chilimwe, choncho ulusiwo unkayenera kugona masiku awiri mumgolo wa madzi osungunuliramo ufa wina woyera. Mmisiri amene anatiphunzitsa anayatsa machesi tonse tikuona. Ulusi woviikidwa unangoda, moto n'kuzima wokha.

Tsoka lake ufawo unkachapanso zovala, ndipo sopo kunalibe. Mmisiri atangobwerera ku Nampula, shefi wathu, mkulu wa pafakitalepo, anayamba kuwala. Malaya ake ankayera mbee pamene enafe tinkachapira phulusa. Matumba a ufa ankatuluka panjinga kulowera ku Mandimba, ine n'kuuzidwa kuti ndiziviika m'madzi a pachitsime.

"Nanga moto, bambo?" ndinamufunsa shefiyo.

"Moto masiku ano umabwera ndi mfuti, mayi. Ufa ungaletse mfuti?"

Anandipatsa kachitini kodzaza ufawo. Ndinalandira, ndipo ndikakumbukira mtima umandipsabe.

Malata obenthuka ankatipatsa antchitofe. Anga ndinafolerera chisakasa chimene mayi ankaphikiramo. Pamwamba pa moto anapachikapo chimanga cha mbewu kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Chimangacho anachisenza pamutu kuchokera ku Ngauma, ndipo ngakhale njala itavuta bwanji sankachikhudza, poyembekezera tsiku lobwerera. Kwa anansi ankadzitama kuti denga la mwana wawo siligwira moto. Ine ndinkangopitiriza kuviika ulusi m'madzi a pachitsime.

Mfuti sinabwere. Masana ena kunachita mphepo, lawi linanyambita denga, basi. Dengalo linayaka likudontha moto. Mayi analowa kuti apulumutse mbewu yawo, koma anatuluka chimanjamanja, mkono utapsa mpaka m'chigongono.

Shefi anabwera kudzapepesa, malaya ali mbee, akuti zonsezi ndi nkhondo. Nkhondo yake iti? Munthu wopanda manyazi! Ndinafuna kumulavulira pamaso pa anthu onse, amve fungo la utomoni wakewo.

Koma mayi anali gone pamphasa, bala lawo litamangidwa ndi nsalu yoyera kuposa zonse m'nyumbamo. Unali mpango wanga, ndipo shefi anauyang'ana, kenako n'kuyang'ana ine. Tonse awiri tinkadziwa chimene ndinauchapira.