Njinga ya Tadala Yopanda Mapedulo

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, bambo wa amayi anga, chimayamba kundifika ndi fungo la palafini wotsukira tcheni, losakanikirana ndi la machubu otenthedwa ndi dzuwa, kenako kaphokoso ka sipanala ikugwera pa simenti m'mamawa tisananyamuke kupita kusukulu. Anabwera kudzakhala nafe ku Area 25 agogo aakazi atamwalira kumudzi ku Dedza, ndipo katundu wawo anali thumba la zovala, Baibulo lothothoka chikuto ndi kabokosi kachitsulo kodzaza masipanala. Kumudziko ankakonza njinga, ndiye sabata isanathe anali atakhoma kale kachisakasa pampanda wathu, moyang'ana msewu wafumbi umene ankadutsa akabaza ndi anthu amakala. Ankagwira ntchito atakhala pa kampando kafupi, magalasi atatsetsereka mpaka kunsonga ya mphuno, akung'ung'udza nyimbo zakutchalitchi zomwe sankazimaliza.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mng'ono wanga Tadala zitatu. Tadala anabadwa masiku asanakwane ndipo anakula wochepa thupi, timiyendo tonga bango. Anachedwa kuyenda, ndipo ngakhale atayamba, ankayenda atagwira nsalu ya amayi kapena diresi langa. Anzake akamathamangitsana pabwalo, iye ankangokhala pakhonde n'kumaonerera, chala chili m'kamwa.

Abambo ankanyamula mabelo a fodya ku Kanengo, ndipo za Tadala zinkawadya mumtima ngakhale sankanena. Tsiku lina anatsika minibasi atasenza kanjinga kofiira komwe anakapeza pa kaunjika m'tauni. Kanali ndi chilichonse: basiketi kutsogolo, keriyala kumbuyo, madigadi, chitsulo chophimba tcheni, belu, ndi timatayala tiwiri tam'mbali toteteza mwana kuti asagwe. Anakaimika pakati pa bwalo, anakapukuta ndi malaya awo, aneba n'kusonkhana kudzaona. Anati njinga imeneyi ndiyo ilimbitse miyendo ya mwana wawo.

Koma Tadala atakwezedwa, timapazi take tinkangokhudza mapedulo, mphamvu yopalasa analibe. Tsiku lachitatu katayala kamodzi kam'mbali kanalowa m'kadzenje, njinga inagwa n'kumupsinja mwendo, ndipo analira ali pansi pomwepo mpaka ine nditafika kudzamuchotsa. Kuyambira pamenepo akaiona ankabisala kumbuyo kwa amayi. Ine ndinatsala ndi ntchito yoitulutsa m'mawa ndi kuilowetsa madzulo, chifukwa abambo ankati akamaiona tsiku ndi tsiku mantha atha. Inkandilemera ngakhale ineyo, ndipo mapedulo ake ankandigunda m'miyendo mpaka ndinali ndi mabala osapola.

Agogo ankaona zonsezi. Lachiwiri lina titatsekera sukulu, abambo ali kuntchito, amayi ali kumsika kumene ankagulitsa nyemba, anandiona ndikulimbana nayo pakhomo. Anandituma kukabwereka sikelo yopachika kwa mayi wina woyandikana nafe amene ankagula chimanga. Anaimangirira pa mtanda wa chisakasa, anamukulunga Tadala m'chitenje ngati thumba la mtedza n'kumukoleka pa mbedza. Tadala anaseka mpaka kutsamwa, akulendewera uku ndi uku. Kenako anakoleka njinga, anayang'anitsitsa muvi wa sikelo n'kupukusa mutu. Mwana ndi njinga ankangosiyana pang'ono.

"Tangoganiza, Chisomo," anatero kwa ine, "wina akupatse njinga yolemera ngati iwe mwini, akuti yendetsa. Ungaikonde?"

Anayala thumba pansi n'kuyamba kumasula. Basiketi inachoka koyamba, kenako keriyala, madigadi, timatayala tam'mbali tija. Chilichonse ankachinyamula kaye m'dzanja ngati akusankha papaya pamsika, asanachiike pathumba. Atafika pa tcheni ndi mapedulo ndinawagwira mkono, chifukwa ndinkadziwa kuti njinga yopanda mapedulo si njinganso. Anandiuza kuti mwana amayamba waphunzira kusagwa, kupalasa kumabwera pambuyo, ndipo pakadali pano mapedulo a Tadala ndi mapazi ake. Anagogoda ndi hamala mpaka chitsulo chonse chapakati chinatuluka, n'kutseka dzenjelo ndi kathabwa kosema kuti mwana asalowetsemo chala.

Chishalo anati n'cholemera komanso chili m'mwamba. Anasema china ndi thabwa lopyapyala, anayalapo labala wa patapata wakale, n'kukuta ndi kansalu. Anadula paipi yake ndi sowo yodulira zitsulo kuti chitsike mpaka mapazi a Tadala aziponda pansi onse awiri, ndipo handulo anaidulako mbali zonse kuti igwirizane ndi timapewa take. Belu analimasula, analiliza kawiri, anamuyang'ana Tadala yemwe anali atatong'ola maso, n'kulibwezeretsa pamalo pake. Pomwe dzuwa linkapendeka, njinga ija ndinkatha kuinyamula ndi dzanja limodzi.

Amayi atafika anagwira m'mutu. Abambo atafika anaima pageti nthawi yaitali, akuyang'ana thumba lodzaza zitsulo zofiira. Kwathu mkamwini sakalipira apongozi ake, ndiye anavula chipewa, ananjuta n'kupereka moni mwaulemu monga mwa masiku onse. Atatha kufunsana za mmene aswerera, anafunsa motsitsa mawu.

"Abambo, kodi njinga ija inadwala?"

"Ayi apongozi, inali yonenepa kwambiri. Ndaichepetsako thupi."

Abambo sanaseke. Analowa m'nyumba, ndipo ine ndikutsuka mbale kuseri kwa zenera ndinawamva akuuza amayi kuti pakhomo pawo pomwe salemekezedwa, kuti chinthu anachisenza okha kuchokera m'tauni chasanduka mafupa, ndipo mwina ndi bwino agogo akakhale kwa amalume ku Dedza. Mbale inanditerereka m'manja. Ndinathamanga kukawauza agogo ndikulira, koma iwo anangopitiriza kutolera mabawuti n'kumawaika m'chitini cha mkaka. Anatuma amayi kuti akapemphe masiku asanu okha. Likafika Lamulungu Tadala asanaikwere, adzabwezeretsa chilichonse mmene chinalili, ndipo za ku Dedza adzakambirana bwinobwino.

Lachitatu Tadala sanaikhudze n'komwe, anangoliza belu n'kuthawa. Agogo anaisiya ili chigonere pafupi ndi khonde, osamuitana. Lachinayi anaidzutsa yekha n'kumaikoka ndi handulo ngati mbuzi yokana kupita kudambo. Madzulo ake anaitangadza n'kumayenda nayo pang'onopang'ono, osakhala pa chishalo. Ine ndinkafuna kumugwirira kumbuyo, koma agogo anandilamula kuti ndipinde manja.

Lachisanu anagwa. Ndinali nditanyamuka kale pomwe agogo anandikoka diresi. Tadala anakwinya nkhope kuti alire, anayang'ana njinga ili pamwendo pake monga zinalili tsiku lija, kenako anaikankha ndi dzanja, iyo n'kuchoka. Anakhala kaye pansi akuiyang'ana modabwa. Anaimirira, anadzisasa fumbi, anaidzutsa n'kukweranso. Agogo anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali ndi malaya odzaza girizi, ndipo magalasiwo anada kuposa kale.

Loweruka lonse anaswera panja. Ankakankha ndi mapazi kuchoka pageti kukafika pa mpopi wa madzi, n'kubwerera wapansi akuikoka, ana a pamzere wathu akumutsatira ndi chiphokoso. Abambo tsiku limenelo anali kuntchito, ndipo agogo anatiletsa kuwauza kanthu.

Lamulungu titachokera kutchalitchi, abambo anakhala pakhonde asanavule jekete, akumvera wailesi. Agogo anabweretsa thumba la zitsulo lija ndi chitini cha mabawuti n'kuziika pamapazi pawo, kenako anakhala pa kampando kawo. Tadala anatuluka m'nyumba ali m'diresi lake lachikasu lakutchalitchi, ananyamula njinga yekha kutsika nayo masitepe awiri a khonde, n'kukwera.

Msewu wathu unkatsetsereka pang'ono kulowera kumpopi. Anakankha kamodzi, kawiri, katatu, diresi likuuluka, belu likulira, ndipo atafika pamtsetse ananyamula mapazi onse awiri m'mwamba. Dzulo lake sanachitepo zimenezi. Njinga inapita yokha, ikugwedera pang'ono, iye akukuwa mosangalala. Abambo analumpha thumba lija, wailesi n'kugwa, ndipo anathamanga kumutsatira ndi nsapato zawo zakutchalitchi zoterera, jekete likukupiza, azimayi otunga madzi akufa ndi kuseka. Asanamupeze, Tadala anali ataponda pansi n'kuima yekha, akuwafunsa chomwe akuthamangira.

Abambo anabwera atamunyamula pamapewa, njinga ili m'dzanja limodzi, akupumira m'mwamba. Anaima pamaso pa agogo, anaitembenuza njingayo uku ndi uku, n'kuloza kagalasi kofiira kakumbuyo.

"Nanga aka, Abambo, kakugwira ntchito yanji? Sikangachokenso?"

Agogo anaseka mpaka kutsokomola, n'kuwapatsa sipanala kuti amasule okha. Za ku Dedza sizinatchulidwenso.

Mwezi usanathe, makolo anayamba kubweretsa tinjinga ta ana awo kuchokera m'masekita ena a Area 25, mpaka ku Mgona komwe, ena atamanga pa kabaza, kuti agogo awachepetsere thupi. Pampanda pathu pankalendewera mapedulo ndi mabasiketi amitundumitundu, ndipo madzulo msewu wonse unkadzaza tiana tokankha ndi mapazi, makolo atapinda manja. Abambo akaweruka ankavula malaya akuntchito n'kukhala nawo m'chisakasa, akugwirira paipi agogo akudula, akutsutsana za mpira ngati anthu amsinkhu umodzi. Agogo anamubwezeretsera Tadala mapedulo ali ndi zaka zisanu, ndipo anapalasa tsiku lomwelo popanda womugwira.

Agogo anakhala nafe mpaka ine ndili Fomu 3. M'miyezi yawo yomaliza anaonda kwambiri, miyendo inakana, ndipo tsiku lopita kuchipatala abambo ndi amene ankawabereka kumsana kukafika kumsewu waukulu kokwerera minibasi. Ulendo wina ndinali kumbuyo kwawo nditanyamula bulangeti, ndipo ndinamva abambo akunena kuti apongozi awo apepuka.

"Ndachotsa zosafunika," anatero agogo ali kumsanako. "Belu lokha ndiye ndasiya."

Abambo anaseka mpaka anaima kaye kuti asawagwetse, misozi ikutsika, ndipo anthu odutsa ankatiyang'ana osamvetsa.

Lero ndili ndi ana anga awiri, ndipo ndine mayi wamantha. Wamng'ono akagwa, thupi langa lonse limafuna kuthamanga. Koma ndimaima kaye pang'ono, manja ndili nawo kumbuyo, kuti ndione ngati adzuke yekha. Nthawi zambiri amadzuka, n'kunditembenukira akumwetulira, mano awiri okha m'kamwa.