Mchere wa a Edwina

Chibwerereni ku Lilongwe kuno, ndikauza anthu kuti ku Mangalande nyanja imachoka m'mawa n'kubwerera masana, amandiyang'ana ngati ndamwa. Za nkhono ndiye sindiyamba n'komwe. Koma za a Edwina ndinena.

Tinkagawana khoma ku Middlesbrough, m'nyumba zogundana zija zoti mnzako akayetsemula umayankha. Anali mayi wa ku Ntcheu, wamtali, wosalankhulalankhula, wodikira yankho la boma chaka ndi chaka. Ntchito sankaloledwa. Kwawo sakanapita, poti wopempha chitetezo akakwera ndege ya kwawo, nkhani yake yathera pomwepo. Anabwera ndi mwana wawo Alinafe ali kumsana, ndipo pa nthawi ndikunenayi Alinafe anali ku sekondale, akumva Chichewa koma kuyankha m'Chingerezi.

Amuna awo, a Sosten, anatsala ku Ntcheu ndipo anamwalirira komweko. A Edwina malirowo anawaonera pa foni, bokosi likugwedezeka m'dzanja la wojambula. Atachoka kumanda, mlamu wawo anaimba foni.

"Mlamu, mwambo mukuudziwa. Mpaka mudzabwere tidzakumeteni, dzanja lanu lisathire mchere m'ndiwo. Mukathira, mwanayo mumudula."

Kudula a Edwina ankakudziwa bwino: mwana amayamba kutsokomola, miyendo kutupa, masaya kutupa, achipatala osapeza kanthu. Choncho ankaphika zonse, koma mchere ankathira ndi Alinafe. Akachedwa kusukulu, mphika unkadikira.

"Mum, this is mad," ankatero Alinafe, chikwama chili kumsana, akuwaza mchere mosayang'ana.

"Misalayo ndi imene yakusunga. Takasambe m'manja."

Amene anawatulutsa m'nyumba ndi a Amina, mnzawo wa ku Mangochi, wogwira ntchito kosamalira okalamba. Anzawo a kuntchito anawaphunzitsa kusaka nkhono zazitali za mumchenga, zija za zigoba ziwiri, kutalika ngati chala chapakati ndi theka. Nyengo yake ndi Malichi ndi Seputembala, pamene nyanja imathawira kutali kwambiri. Ankakwera sitima yapamtunda ya ku Redcar, kugombe la nyanja, ndi ndowa ndi botolo la mchere. Umayenda monyang'ama, chifukwa nkhonozo zimamva mapazi zili pansi. Ukaona kadzenje kooneka ngati polowetsa kiyi, umathira mchere ndi timadzi, n'kudikira. Dzenjelo limalavula. Kenako chinthucho chimatuluka chokha, chili chiimire, iwe n'kuchigwira, kukoka pang'onopang'ono.

Anagawana ntchito: a Amina kuthira, a Edwina kukoka.

"Amake Alinafe, inu dzanja lanu ndi la mzamba," ankaseka a Amina. "Ine ndikakoka zimaduka. Kapena muzikawathandiza kuchipatala."

"Andipatse mapepala kaye, ndikawabereketsa onse."

Tsiku lina la mu Malichi ndinapita nawo. Tinafika kuli dzuwa, koma chifunga chinabwera kuchokera kunyanja ngati utsi wa lupsa. Nyumba za m'mphepete zinasowa. A Amina anali atapita kutsogolo kukaona ngati madzi ayamba kubwerera, botolo atalisiya mu ndowa. Tinkangomva mawu awo, osawaona.

A Edwina anaima pa kadzenje. Anaima nthawi yaitali, mpango uli pakamwa. Kenako anawerama, natenga botolo, nathira. Sanandiyang'ane. Dzenje linalavula, chigoba chinatuluka mumchenga pang'onopang'ono ngati chala cha munthu amene akufuna kuona ngati kunja kwacha. Anachigwira. Anapita pa dzenje lina, ndi lina, akuyankhula motsitsa mawu, mawu amene sindinawamve bwino. Chibadwire sindinawaonepo akufulumira chotero. A Amina potulukira m'chifunga, akufuula kuti madzi akubwera tithawe, a Edwina anali ndi jumbo yawoyawo yolemera.

Mantha anawapezera m'sitima.

"Zimatuluka chifukwa mchere wazilowa m'thupi," anatero a Edwina. "Ndiye kuti izi ndi ndiwo, ndipo ndathira ndine."

"Iii, amake Alinafe! Nyanja yonse ija ndi mchere wokhawokha. Munathira ndinu?"

"Musandiseke, a Amina."

"Sindikuseka. Munathira mumchenga. Alamu anuwo ananena za mchenga?"

A Edwina anaimanga jumbo mfundo ziwiri, kuti akafika akatipatse ife. Anaisiya mu sinki n'kudzagogoda kwathu kufunsa ngati amayi anga angazifune. Amayi anawatsirira tiyi kuti afunde, nkhani n'kutalika. Pobwerera, tinamva fungo la adyo tili pakhomo. Alinafe anali ataweruka msanga, wapeza jumbo, wakazinga monga anamuphunzitsira a Amina. Pa mbale panatsala zigoba zokha.

"What? Zinali mu sinki," anatero, akunyambita chala.

A Edwina anakhala pansi, pa simenti ya kukhitchini, jekete ali chivalire.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kudikira. M'mawa uliwonse Alinafe asanavale masokosi, ankamugwira mwendo n'kudina chala pa kakolo, kuona ngati patsala chibowo. Ankamucheukitsa pa windo kuti aone masaya. Mwana akangokhosomola pomwa madzi, ife kuseri kwa khoma tinkamva mpando ukugwa. Anaimbira mlamu wawo kuti afunse mankhwala ake. Foni inkalira, osayankhidwa. Anatumiza mawu. Anaoneka kuti amvedwa, koma yankho silinabwere.

Malichi anatha, Epulo anatha. Alinafe ananenepa bwino, analowa timu ya mpira wamanja, kubwera kunyumba masaya ali gwa ndi mphepo. A Amina anabwera ndi keke.

"Mwaona? Mwamasuka, anzanga. Thirani mchere wanu ngati munthu. Nyanja yakumetani."

Ndinkayembekeza kuti aseka. A Edwina anayang'ana mwana wawo pa windo, ali panja pa foni ndi anzake.

"Kwathu mwambo umagwira munthu wa pamudzi," anatero. "Mlendo wodutsa sumugwira. Ine ndathira, mwana wadya, ndipo palibe chachitika."

"Ndiye si zabwino zimenezo?"

"Mwana ali bwino, ndathokoza. Koma a Sosten aja, munthu woti ndikachedwa kuchigayo ankanditsata pa njinga. Ndalakwa chonchi, osabwera ngakhale kutulo kudzandikalipira?"

A Amina anadula keke, naika chidutswa patsogolo pa mnzawo.

"Kapena sakudziwa njira ya kuno," anatero a Edwina. "Kapena uko anameta kale, ine osandiwerenga."

Anakoka mbale, nayamba kudya.