Chikwatu Cholemera

Ndikukumbukira malonda anga oyamba, ndipo ndikawakumbukira ndimayamba ndayang'ana uku ndi uku kuti anzanga a mumsika wa pa Neno Boma asandione ndikuseka ndekha. Iwowa amandidziwa ngati munthu wosagonja pokambirana mtengo. Amati Lenadi akhoza kukugulitsa mthunzi wa nyumba yako yomwe, iwe n'kuthokoza. Sadziwa kuti ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, kwathu ku Midzemba, ndinagulitsa munda wonse wa khobwe wa amayi anga usanabzalidwe n'komwe, ndipo tsiku limenelo ndinayenda modzikweza ngati tambala.

Kwathu kuja n'kotentha. Ikafika Okutobala, mtsinje umene tinkatungako unkasanduka msewu wa mchenga. Madzi tinkachita kufukula ndi manja, n'kudikira kuti adikhe, n'kumatapa ndi chikho pang'onopang'ono mpaka msana kuwawa. Ndowa imodzi inkadya m'mawa wonse. Mwina n'chifukwa chake amayi sankalola kuti madzi afe atagwira ntchito imodzi yokha. Otsukira ndiwo ankatsukiranso mbale, akachoka apo ankathiridwa pa phando la maungu kuseri kwa khitchini. Bafa lathu laudzu linali ndi kangalande kothera pa nthochi, moti tikamadya nthochizo amayi ankati tikudya litsiro lathu lomwe. Ukamwaza madzi pabwalo sankakalipa ayi. Ankayang'ana pamene panyowapo, kenako n'kuyang'ana iwe, basi n'kukupatsira ndowa.

Ndiwo nazonso ankazisunga chimodzimodzi. Mwezi wa Febuluwale, masamba akachuluka mpaka mbuzi kumawanyalanyaza, ndi pamene amayi ankatitenga kukathyola chitambe, masamba a khobwe aja, ndi nkhwani. Ankawawiritsa pang'ono, n'kuwafinya, n'kuwayanika pamphasa. Ntchito yanga inali yoingitsa nkhuku, ntchito imene ndinkaigwira ndi mtima theka. Masambawo akauma gwa, ankawakulunga m'masamba aakulu a msuku amene ankakatola kuphiri, n'kumanga ndi luzi mpaka chituluke chinthu chozungulira ngati mpira. Ndicho chikwatu. Zikwatuzo zinkalendewera kudenga la khitchini kumene utsi unkadutsa, ndipo chilimwe chonse, pamene anthu ena ankadyera mchere, ife tinkadyera mfutso wotendera. Lero ndikauganiza malovu amadzadza m'kamwa. Nthawi imeneyo ndinkauona ngati chakudya cha anthu osauka. Mtima wanga unali pa kabichi ndi nsomba za m'chitini.

Tsiku lina amayi ali kumtsinje kudikira madzi, m'mudzi munalowa bambo wina wa njinga amene aliyense ankangomutchula a Sinthani, chifukwa ankayenda akukuwa mawu amenewo. Ankanyamula makapu apulasitiki, singano, malamba ndi tizinthu tina, n'kumasinthanitsa ndi nkhuku, mazira kapena ndiwo zouma za kumalo odyera a akazi awo ku Lisungwi. Pa chiwongolero cha njinga yawo panalendewera magalasi akuda. Galasi limodzi linali ndi mzere wokandika, koma ine sindinaone mzerewo. Ndinadziona ndekha ndikulowa m'kalasi Lolemba, anyamata onse pakamwa yasa.

A Sinthani anati magalasiwo ndi a zikwatu zinayi. Ine ndinaseka monga ndinkaonera akuluakulu akuseka pamsika, n'kutembenuka ngati ndikuchoka. Anatsika kufika pa zitatu. Ndinawaonetsa mzere wokandika uja, umene tsopano ndinauona bwino popeza unali ndi phindu. Kenako ndinakwera pamtondo, n'kuyamba kugwedeza zikwatu chimodzichimodzi kuti ndipeze chonyengerera nacho. Zonse zinali zopepuka ngati chisa cha mbalame, kupatula chimodzi chakungodya, chakuda ndi mwaye, chomangidwa mfundo ziwiri.

“Tanyamulani ichi mumve, bambo,” ndinatero. “Chimenechi chokha ndi zikwatu zitatu. Ndikuwonjezerani chimodzi chaulere chifukwa ndinu munthu wabwino.”

Anachinyamula, n'kuchigwedeza pafupi ndi khutu, n'kundiyang'ana nthawi yaitali ndithu. “Iwe mwana udzalemera,” anatero, akumangirira zikwatu ziwirizo pakaliyala. Ndinawakhulupirira ndi mtima wonse.

Amayi atabwera anatula ndowa, n'kulowa m'khitchini. Potuluka anandipeza nditakhala pakhonde, magalasi ali kumaso, ndikudikira kuyamikiridwa. Anandifunsa kumene kunali chikwatu cha mfundo ziwiri. Ndinayamba kufotokoza mmene ndinawatsitsira a Sinthani kuchoka pa zinayi kufika pa ziwiri, ndipo anandisiya ndifotokoze mpaka kumapeto.

“Kodi iwe, unayamba waonapo masamba ouma akulemera?”

Apa m'pamene ndinamva kuti m'chikwatumo munalibe ndiwo. Munali mbewu: khobwe wofiira wosakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe, ndi nthanga za maungu. Khobweyo amayi anachoka naye kwawo ku Luwani pobwera kubanja. Anali woyanga, wopirira dzuwa, wopatsa masamba mpaka mvula itatha kalekale, ndipo zikwatu zonse zija zinkachokera kwa iye. M'mudzi mwathu munalibenso wina amene anali naye, chifukwa chaka china cha njala anthu anaphika mbewu zawo. Amayi chaka chimenecho anatigoneka ndi madeya koma chikwatu cha mfundo ziwiri sanachikhudze. Tsopano chizimalupsa chinali chitagwa kale, mitambo ikusonkhana madzulo alionse, ndipo mbewu ija inali paulendo wopita mumphika wa munthu wina.

Ndinadikira kamtengo ka pichesi kamene kankakhala kuseri kwa chitseko. Sikanatuluke. Amayi anangoti, “Mawa tilawira. Magalasi akowo utenge.”

Tinanyamuka kusanache bwino. Amayi ankayenda patsogolo, chitenje chomanga m'chiuno, osacheuka, ine pambuyo ndikukonza mawu amene ndikawalankhule a Sinthani. Ndinakonza zowaopseza, ndinakonza zolira, ndinakonzanso zonama kuti mbewuyo ili ndi mankhwala. Dzuwa litafika pamutu tinalowa pa Lisungwi, mapazi atayera ndi fumbi, ndipo sitinavutike kufunsa njira. Kamalo kodyera kaja kanali kuseri kwa mashopu, ka malata akale, ndipo tisanafike pakhomo mphuno zathu zinatiuza zonse. Fungo la khobwe wa amayi ndinkalidziwa.

Akazi a a Sinthani anali mayi wojintcha, wa mawu aakulu, ali kalikiliki ndi nkhuni. Mphika unali pamoto ukubwadamuka. Pambali panali lichero, ndipo m'licheromo munali khobwe wotsala, wopeta kale, mwina wodzadza kambale kamodzi, nthanga za maungu atazikankhira pambali kuti akazinge. A Sinthani anali atakhala pabenchi akumata chubu cha njinga. Atationa anaweramitsa mutu kwambiri pa chubupo.

Ine ndinalumpha kutsogolo, magalasi m'manja, kuti tibwezerane katundu. A Sinthani sanadzutse n'komwe mutu. “Malonda anatha dzulo, bwana wamng'ono. Si iwe unati ndine munthu wabwino?”

Amayi anandikokera kumbuyo ndi kolala. Anagwada pang'ono, n'kupereka moni kwa mayi uja mwaulemu wonse, kufunsa za ana, za kutentha, za malonda. Za khobwe osatchula. Mayiyo anawapatsa mpando ndi kapu ya madzi. Amayi anamwa, n'kuloza mphika ndi chibwano.

“Wapsa msanga eti?”

“Iii, amayi, ndadabwa! Nkhuni ziwiri zokha. Wa pamsikayu ndimamuphika m'mawa wonse.”

“Ndi khalidwe lake ameneyo. Ndipo simunalawe masamba ake.”

Pa malamulo onse a malonda amene ndinkawadziwa, amayi ankalakwitsa. Chinthu chimene ukufuna kugula suchitama, umachinyoza. Iwo ankachikweza mtengo okha! Kenako anadzuka n'kupempha kuti akasambe m'manja kuseri, ndipo mayi uja anawaperekeza, ine ndikutsatira. Kuseriko kunali chithaphwi chakuda, chonunkha, kumene ankakhuthulirako madzi onse otsukira mbale ndi mapoto. Ntchentche zinali ng'waa. Amayi anaima pamenepo ngati aona chuma.

“Anzanga, madzi onsewa mumangowataya? Ife kwathu ochepa ngati awa timawafukula mumchenga.”

Anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi. Apa mukumbe kangalande, apa muike mchenga ndi makala kuti mafuta azitsalira, apa mapando atatu a maungu, uko mzere wa khobwe ayange pampanda. Anamuuza kuti akatero adzathyola nkhwani pakhomo pomwepo mwezi umene anzake onse akugula ndiwo zofota, ndipo fungo lija lidzatha. Mayiyo anayamba kufunsa mafunso, manja ali m'chiuno. Atabwerera pa lichero paja, amayi analankhula ngati akungodziyankhulira.

“Uyu mukamuphika, makasitomala adya lero basi, mawa aiwala. Tigawane. Theka mubzale inu kuseriko, theka ndikabzale ine. Wanga akafa ndidzabwera kwa inu, wanu akafa mukudziwa kwathu.”

Ndipo anatenga lichero lija m'manja mwawo, n'kugawa khobwe ndi m'mphepete mwa dzanja, n'kumukankhira mayiyo gawo lake. Mayiyo anawomba m'manja kuthokoza. Kuthokoza! Khobwe anali wake kale, amuna ake anamugula mwachilungamo kwa chitsiru china cha ku Midzemba, koma analandira theka ngati mphatso, n'kutiwonjezera mbale ya khobwe wophikayo kuti tidye tisanabwerere. A Sinthani anasiya chubu, n'kupukusa mutu. “Mayi, mukanakhala ndi njinga, ine ndikanasiya ntchito.”

Ndakhala mumsika zaka zambiri, ndakumana ndi mavenda a ku Blantyre olankhula ngati wailesi, koma malonda ngati amenewo sindinawaonenso. Palibe amene anachoka pamalopo akudandaula, kupatula ine.

Pobwerera amayi anamangirira mbewu ija pakona ya chitenje, mfundo ziwiri, n'kundiuza kuti ndivale magalasi anga. Ndinati dzuwa lapendeka kale. Anati ndivale basi, ndinawagula modula. Ndinayenda nawo njira yonse, dziko lili bii, ndikupunthwa pamiyala, ana a m'midzi ya m'njira akundikuwiza kuti bwana afika.

Mvula itagwa, khobweyo ndinabzala ndine, njere ziwiriziwiri, amayi ali pambuyo kuonetsetsa. Anangokwana mizere yochepa. Kunabwera ng'amba ya masabata angapo, ndipo madzi anga osamba ndinkawanyamula m'beseni kupita nawo kumizereko, popanda wondituma. Anamera, anayanga, anabereka. Koma chaka chimenecho sitinadye ngakhale njere imodzi, masambanso tinkathyola mowerengera kuti mbewu ikhwime bwino. Zonse zinabwerera kudenga. Azing'ono anga akamadyera therere tsiku lachinayi lotsatizana ankandipempha kuti ndiwabwereke magalasi, mwina ndiwo zioneka zina.

Lero zinthu zinasintha. Kwathu kuli mjigo, ndipo ndimasangalala kuti ana sakufukulanso mchenga, ngakhale mtima umandipweteka ndikaona madzi akungoyenderera pansi pamene wina akucheza pa foni. Ineyo pabenchi langa ndimagulitsa kabichi yemwe ndinkamulota uja, tomato, ndi mbewu za m'mapaketi zokongola zithunzi, zimene munthu amabwera kudzagulanso chaka chilichonse. Kwa wamalonda zimenezo ndi zabwino, sindinama. Nthawi ya dzinja timataya milu ya masamba ovunda kuseri kwa msika, chilimwe anthu omwewo n'kumalira kuti ndiwo zadula. Atsikana ambiri chikwatu sadziwa kumanga kwake.

Amayi akalamba, koma khobwe wawo akadali kudenga. Mwezi wathawu mayi wina wa ku Matope anaima pabenchi langa kufunsa ngati ndingamupezere khobwe wamakolo woyanga, chifukwa wa m'paketi akumupsera ndi dzuwa. Mutu wanga unayamba kale kuthamanga: timapepala ting'onoting'ono, dzina lokoma, mtengo wabwino. Loweruka ndinapita ku Midzemba ndi shuga ndi sopo, n'kuyamba nkhaniyo mozungulira, monga mwa luso langa. Amayi anandimvetsera mpaka kumapeto, monga kale.

“Mayiyo akufuna kubzala?”

Ndinati inde.

“Umuuze abwere yekha ndi kansalu kake, ndidzamupatsa ulere. Iwe tenga mfutso uwo ukadye. Mbewu sindituma nayo wamalonda.”