Endla ndi Masokosi Ake a M'manda

Endla anali mlamu wanga, mkazi wa malemu mchimwene wanga Mihkel. Tinakhala moyang'anizana makomo zaka makumi asanu, ndipo pa zaka zonsezo sanayamikirepo kalukidwe kanga ngakhale kamodzi. Ndikamuonetsa sokosi yomwe ndaluka, ankaboola ndi chala pakati pa ulusi mpaka chalacho chitulukire kunja.

"Alamu, iyi ndi sokosi kapena ukonde? Kapatseni amuna anu akagwirire nsomba."

Zinkandiwawa chifukwa ankanena zoona. Iye ankaluka mothina kwambiri, moti sokosi yake ukaiika patebulo inkaima yokha ngati nsapato. Madzi sankalowa, mphepo ya kunyanja sinkalowa. Pachilumba chonse chino panalibe wofanana naye, ndipo mwiniwake ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense.

Anali ndi nkhosa zisanu ndi ziwiri. Ankazimeta yekha, n'kuchapa ubweyawo m'madzi a mvula ofunda pang'ono, kuupesa, n'kuupota. Utoto wofiira ankautenga ku mizu yomwe ankakumba m'mphepete mwa nyanja, wachikasu ku makoko a anyezi. Ubweya wakuda wokha ndiwo sankaunyika. Unkachokera kwa Tahma, nkhosa yake yaikazi yakuda bii, yaukali ngati mbuyake.

Kwathu kuno mkazi amalowa m'manda atavala masokosi oluka yekha, a ubweya wa m'khola mwake. Wovekedwa ogula kapena a mnzake amanenedwa mpaka adzukulu ake kuchita manyazi. Ambirife timaluka athu tikadali ndi maso n'kuwasunga pansi m'bokosi la zovala. Endla ayi. Ankalukira akwati ndi makanda a eni ake, ukamukumbutsa n'kukuyankha kuti kufa sikunali m'maganizo mwake.

Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi, dokotala wa kumtunda anamuuza kuti mtima watopa. Atatsika boti anangovula chijasi, n'kutenga singano zake zisanu.

Sokosi yoyamba inamutengera miyezi iwiri, popeza maso anali atayamba kumunamiza. Akalakwitsa kaduwa kamodzi ankamasula mzere wonse. Yachiwiri itafika pakati pa katumba, ulusi wakuda unatha. Ndinamubweretsera wanga, koma anangounyoza ndi maso. Anati adikira kuzizira kuthe kuti amete Tahma.

Nkhandwe sizinadikire. Nyanja itaundana ndi chisanu zinawoloka pamwamba pake kuchokera kumtunda, ndipo mmawa wina wa mu Malichi ndinapeza Endla atagwada pachipale chofewa kuseri kwa khola. Nkhosa zinayi zinali gone, matumbo ali panja. Iye anali kuzula ubweya pamsana pa Tahma, n'kumauika m'thumba la epuloni.

"Alamu, mwayamba misala? Ubweya wa nkhosa yakufa salukira munthu."

"Salukira munthu woyenda. Nanga ine ndiyenda nawo kupita kuti? Tagwirani mwendowu, musangoima ngati mtengo."

Ndinagwira. Manja ake anali magazi okhaokha ndipo ankapuma ngati wathamanga. Sanalire. Ndinalira ndine, iye n'kundiuza kuti ndikudonthezera mamina paubweya.

Anamaliza mu Meyi. Anandiitana, n'kuwavala onse awiri ndikuona. Anamukwana ngati khungu lake: oyera, maduwa ofiira ndi akuda akutsika m'mbali mpaka m'kakolo.

"Mwaona? Sokosi ndi imeneyi. Tsiku limenelo mudzandiveke inu, osati Kaie. Mwana wanga uja sadziwa kutsogolo ndi kumbuyo."

Kenako imfa inachedwa. Endla anakhala mpaka mu Novembala, ndipo miyendo inayamba kutupa. Nsapato zake zinakana, anayamba kuyenda ndi majombo akale a Mihkel. Ndinkaona miyendo imeneyo tsiku ndi tsiku, ndinkaithowa ndi manja angawa, koma za masokosi a m'bokosi sizinandibwerere m'mutu olo kamodzi. Mpaka lero ndimadzida nazo.

Atamwalira tinamusambitsa awiri, ine ndi Kaie, mwana wake wamkazi yemwe amakhala kutawuni. Tinamuveka malaya oyera ndi siketi ya mizere. Nditatenga sokosi, inalowa zala n'kuima pachidendene. Ndinakoka, ndinapaka sopo, ndinakokanso mpaka zala zanga kuchita dzanzi. Zoluka za Endla sizitamuka. Anaziluka dala kuti zisatamuke.

"Azakhali," anatero Kaie akulira, "kangotengani anu aja. Anu amatamuka. Adziwa ndani?"

Anga akanalowa, inde, ndi malo kutsala. Koma amayi akuno amadziwa dzanja la aliyense ali chapatali. Akanati Endla, yemwe analukira chilumba chonse, wapita ndi ukonde wa ine Virve.

"Pita ukandibweretsere lumo lometera nkhosa," ndinatero.

Ndinadula kumbuyo, kuchokera pamwamba mpaka pachidendene. Lumo linkavutika, ndipo palibe ulusi umodzi womwe unasololoka. Miyezi isanu ndi umodzi ya maso ake ndinaidula nthawi yosakwana kuwiritsa tiyi. Tinakulunga miyendo ija, modulamo n'kupinda pansi, maduwa n'kuyang'ana kumwamba.

Masana amayi anabwera kudzaona maliro. Monga mwa nthawi zonse anakweza pang'ono m'munsi mwa siketi kuti aone ntchito. Leida, wamkulu wa tonse, anawerama ndi magalasi ake nthawi yaitali.

"Eee, Endla ndi Endla," anatero. "Zamukwana ngati anabadwa nazo."

Ndinavomera ndi mutu, dzanja lili m'thumba la epuloni, nditafumbata tiulusi takuda tomwe ndinatola pansi kuti asatione.