Asilikali a M'magazi

Maliro a mkazi wanga atatha, ndinabwerera kusukulu kumene ndinkaphunzitsa sayansi, kufupi ndi Linthipe. Phunziro lotsatira linali la magazi. Chaka chilichonse ndinkauza ana kuti maselo oyera ali ngati asilikali olondera dziko. Koma adokotala anali atandiuza kuti maselo omwewo ndi amene anachulukana n'kumupha mkazi wanga.

Nditatchulanso za asilikaliwo m'kalasi, mtsikana wina anakweza dzanja. "Aphunzitsi, nanga asilikaliwo sangaukire dziko lawo lomwe?"

Ndinayang'ana pawindo. Masiku amenewo munthu ankatha kutsekeredwa chifukwa cha mawu ochepa chabe, ndipo kunyumba ndinali nditasiya khanda lopanda mayi.

"Saukira," ndinatero. "Lembani."

Anawo analemba bodza langalo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkangojambula maselo pabolodi, osawayerekeza ndi chilichonse.