Dzina la Mayi Wogona Kuseri kwa Chigafa

Pa Nathenje pali nkhalamba imodzi imene imakalipa ukaitchula kuti agogo basi. "Agogo ake ati? Agogo adzadza msika wonsewu. Ine ndine Elube." Ana amaseka, akuluakulu amayang'ana pansi, koma eni ake sasintha. Amagulitsa tomato ndi anyezi m'mphepete mwa msewu wa ku Dedza, zaka zawo zikuthamangira makumi asanu ndi atatu, ndipo khalidweli analiyamba chaka chathachi, atatsala pang'ono kulephera kumanga chiliza cha mayi amene anawalera.

Mayiyo anali mzungu. Anachokera ku Ireland, chilumba cha mvula ndi mphepo, ndipo anafika ku Nyasaland ali mtsikana, nkhondo yachiwiri isanayambe. Anabwera ngati mlezi wa ana a mzungu wina wa esiteti ya fodya pakati pa Nathenje ndi Mitundu, amene matenanti ankamutcha Mandevu. Anawo atasinkhuka anapita kusukulu ku Salisbury, mkazi wa Mandevu anatopa ndi fumbi n'kubwerera kwawo, mlezi uja n'kutsala. Chifukwa chotsalira palibe akuchidziwa. Mandevu anam'patsa kanyumba kuseri kwa chigafa, nam'siyira bokosi la mankhwala kuti azitsuka zilonda za matenanti. Azungu anzake a ku Lilongwe sankamuitana pa madyerero awo, poti kwa iwo anali wantchito. Anthu a pakomboni poyamba ankangoti Dona. Kenaka akazi a kapitawo anati munthu womwa nawo chitsime chimodzi sangakhale wopanda mfunda, nam'gawira wawo. Kuyambira pamenepo anakhala Anachisale.

A Elube anafika pa esitetipo chaka cha njala, 1949, ali kumbuyo kwa mayi awo owabereka, pa lole yonyamula matenanti kuchokera ku Mulanje. Mayiwo sanathe sabata. Mwana wa zaka ziwiri anatsala akudziwa chinthu chimodzi chokha, dzina lake. Anachisale anamunyamula kupita naye kukanyumba kuja, nati kwawonso kunagwa njala nthawi ya agogo awo, anthu n'kumafera m'misewu, ndipo ana otsala ankatoledwa chomwechi.

Zimene a Elube amakumbukira n'zochepa, ndipo amazisunga ngati mbewu. Buledi wophikira mumphika, makala pansi makala pamwamba. Manja a madonthomadontho akuluka zipewa za ubweya m'dziko la dzuwa. Nyimbo ya chinenero chimene ngakhale Mandevu sankachimva. Mwezi wa Julaye, kukachita kamvula kowaza, anthu onse ali pamoto, Anachisale ankaima pabwalo osafunda, nkhope ili m'mwamba, mpaka tsitsi kunyowa. Kalata za kwawo zinkabwera kamodzi pachaka, kenaka zinaleka.

Anamwalira mu Febuluwale wa 1960, malungo atawagwira masiku anayi. Mandevu anali kunja pa tchuthi, mitsinje inali itasefukira, wansembe sanathe kuoloka. Matenanti anawaika okha pansi pa mkuyu kuseri kwa chigafa, poti kumanda a pakomboni anaopa kuikako mzungu. Makalata onse anawaika m'bokosi momwemo. Anati amenewa ndi mawu a abale awo, apite nawo, asasungulumwe. Anazika mtanda wathabwa wopanda cholemba, ndipo chiswe chinaumaliza dzinja lachiwiri.

Mtsikana Elube anakulira kwa kapitawo. Anakwatiwa ndi Maliko, wosankha fodya, anabereka ana asanu ndi mmodzi n'kuika anayi, kenaka anaikanso Malikoyo. Chaka chilichonse ikatha mvula ankatenga khasu kupita kukalambula pansi pa mkuyu. Esiteti inasintha manja kangapo, chigafa chinagwa n'kutsala nsanamira, koma palibe anawaletsa. Chaka chatha ndiye kunabwera mwini watsopano, wofuna kulima soya. Anali munthu waulemu ndithu, koma ananena mosapsatira: "Amayi, woyendetsa thalakitala sasiyanitsa manda ndi chulu. Mukamanga chiliza Okutobala asanathe, tidzalambalala. Kupanda apo sindikulonjezani kanthu."

Simenti inapezeka, njerwa anapereka a mumpingo. Mmisiri analipo kale, a Patson, mng'ono wa malemu Maliko, amene chibwanawe ndi alamu awowo sichinathe ngakhale onse mano anatha.

"Ndiye tilembapo chiyani, alamu?" anafunsa a Patson, atakhala pa njerwa pakhomo pa a Elube.

"Mulembe kuti Amayi."

"Amayi a yani? Manda onse a m'dziko muno muli amayi. Dzina."

"Anachisale."

"Umenewo ndi mfunda, wobwereka n'kubwereka. Tsiku lina wachibale wawo atatsika ndege, kudzafunafuna, adzawerenga Nachisale n'kupitirira. Chiliza chopanda dzina ndi khonde chabe, mbuzi zidzagonapo. Ankatchedwa ndani mayi anuwo?"

Zaka khumi ndi chimodzi a Elube anadya mbale imodzi ndi mayi ameneyo, kugona chipinda chimodzi, ndipo dzina lake sanalimvepo. Mwana safunsa dzina la mayi ake. Pakomboni panalibe munthu wamwano woti n'kutchula dzina la munthu wamkulu. Mandevu yekha ndiye mwina ankalidziwa, koma iye ankangoti Nane, kutanthauza mlezi pa Chizungu, monga ankanenera ana ake. Ulemu wa anthu onse aja unalikwirira dzinalo eni ake akadali moyo.

"Mwakwatiwa m'banja lathu zaka zonsezi tili ndi apongozi opanda dzina," anatero a Patson. Ataona nkhope ya alamu awo anasiya nthabwala. "Funafunani. Maziko ndiyamba, koma pamwamba sindithira simenti mpaka mubwere nalo."

Anayamba ndi kutchalitchi. Mlembi anafukula mabuku akale onunkha mileme, koma maliro amene wansembe sanafikeko sanalembedwe. Anakwera minibasi kupita ku ofesi ina m'tauni, kumene mayi wa magalasi anawamvetsera bwinobwino, nati mapepala a azungu a nthawi imeneyo akhoza kupezeka, koma kuti awafufuze ayenera kum'patsa dzina. A Elube anaseka pang'ono, natola kachikwama kawo. Anapita ku Malingunde kwa a Masautso, mwana wa khukhi wa Mandevu, amene tsopano saona. Iwo anakumbukira zambiri: kuti Dona ankaopa nkhuku zoumbatira, kuti anakana kukwera machila, kuti tsiku lina anatukwana Mandevu pamaso pa antchito chifukwa chomenya tenanti. "Koma dzina, mwana wanga, ndani akanayerekeza?"

Seputembala anatha. Mitengo ya kumunsi kwa esiteti inayamba kugwa, utsi wa mauvuni a makala n'kumaoneka uli pamsewu. A Elube analeka kupita kumsika. Ankakhala pakhonde kuyang'ana cha ku phiri la Bunda, n'kumayesa kukumbukira mwina pa envulopu ina, mwina pa chikuto cha buku la mapemphero. Koma kuwerenga anaphunzira atakwatiwa kale, kusukulu ya kwacha.

M'mawa wina Thandiwe, mpongozi wa nyumba yoyandikana nayo, anatuluka m'chikuta. Anabwera ndi khanda lake, nagwada, nati banja lagwirizana kuti agogo ndiwo apatse mwanayu dzina. A Elube anam'landira, anam'funyulula kumaso, nanena zimene amayi akuluakulu amanena kawirikawiri akapatsidwa ulemu umenewu: "Ameneyu ndine ndemwe. Ndi Elube." Analowa m'nyumba kukatenga sopo woti am'patse mnzawo wa dzinayo, ndipo ali chigwirire sopoyo anaima. M'maganizo anaona mayi awo akutuluka m'kanyumba kuseri kwa chigafa, sopo kudzanja ili, kachipewa ka ubweya kudzanja ilo, akupita kukomboni kumene anawaitana kukaona khanda. Anapitako kangapo. Ndipo pakomboni paja, pakati pa ana a Chilomwe ndi a Chichewa a mayina a kwawo, panali atsikana atatu a dzina limodzi, mpaka anthu ankawasiyanitsa ndi msinkhu: Deliya wamtali, Deliya wamfupi, ndi Deliya wa kwa kalipentala.

Wamfupi anamwalira kalekale. Wa kwa kalipentala anabwerera ku Mulanje. Za wamtali, a Elube anamva kuti anakwatiwa cha ku Mitundu.

Anakwera kabaza wa njinga yamoto, msewu wafumbi wodutsa kwa Bunda, atagwira chitenje ndi mano. Ku Mitundu anafunsa kwa ogulitsa ufa, ogulitsa ufa anawalozera kuchigayo, a kuchigayo anawalozera nyumba ya malata adzimbiri kuseri kwa dimba. Pabwalo anapeza mayi wopindika msana akusola mtedza.

"Odi. Ndikufuna a Deliya, amene anabadwira kwa Mandevu."

Mayiyo anadzutsa mutu. "Ondidziwa dzina limenelo onse ali kumanda. Inu ndinu mzukwa wa ndani?"

"Ndine Elube."

"Elube wa kwa Dona? Wa nsapato uja?" Anaponya mtedza pansi. "Iwe, unkatinyadira ndi nsapato zako zija. Taona lero, mapazi ang'aluka ngati athu omwe."

"Nanga iwe utali uja unausiya kuti?"

"Ana anandithyola. Khala pansi."

Anakhala pamphasa, anawerengana akufa, anamwa thobwa. Kenaka a Elube anafunsa kuti dzina limeneli anam'patsa ndani.

"Mayi ako, ndaninso? Amayi anga ankandiuza mpaka kutopetsa. Akuti Dona anandinyamula, n'kunena Chinyanja chawo chopotoka chija, kuti uyu dzina lake ndi langa, ndiponso la mayi anga amene anatsala kutsidya kwa nyanja. Ine ndinali woyamba. Enawo anangotsatira." A Deliya anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Zoona sunkadziwa?"

"Ndikanadziwira kuti?"

"Nanga sunkaona madzulo aja? Dzuwa likapendeka ankabwera kudzakhala pa chitsa pafupi ndi chitsime, akuluka. Ife tili kusewera phada. Amayi akangokuwa kuti Deliya, bwera udzatsuke mbale, iwo ankatembenuka msanga kuposa ine. Kenaka n'kumwetulira, n'kubwerera ku zoluka zawo. Amayi atazindikira, ankandiitana dala kawiri katatu, ine ndili pamphuno pawo pomwepa. Ndinkayesa ayamba misala."

A Elube anachikumbukira chitsacho. Anakumbukira kuwakoka mayi awo malaya kuti tiyeni kunyumba, iwo n'kumati dikira pang'ono. Amene anakhalako kunja amaidziwa njala ya mtundu umenewu. Ukhoza kudya, kufunda, kupatsidwa ulemu wonse, koma miyezi n'kumatha popanda munthu wokuitana monga ankakuitanira kwanu, ndipo umayamba kutchera khutu m'misewu ngati galu wotayika. Mayi uja anapirira zaka zoposa makumi awiri, ndipo poti sakanapempha anthu aulemu chotere kuti amutchule dzina, analifesa mwa ana a eni ake kuti azilimvako madzulo.

Chiliza anachimaliza Loweruka lomaliza la Okutobala, thalakitala ikulira kale kumunda wa kumunsi. A Deliya anaumirira kubwera, mdzukulu wawo wa galimoto ya matola anawasiya pamsewu, n'kutsala kuyenda ndi ndodo. A Patson anasalaza simenti, natenga msomali.

"Deliya. Dzina la bambo awo?"

"Silinapezeke."

"Anabadwa liti?"

"Kaya. Mulembe kuti anachokera ku Ireland, anagona 1960. Pa dzina la bambo musiye mpata, mwina wina adzabwera nalo."

A Patson analemba pang'onopang'ono, lilime lili panja. A Deliya anasuzumira, naguguda ndodo pansi. "Ambuyanga, mwalemba bwino. Ndikafa mudzangondibweretsa pompano, ntchito yatha kale."

"Mudikire iume kaye, mayi," anatero a Patson, napita kukatsuka zipangizo kumtsinje.

Anatsala awiri pansi pa mkuyu. A Elube anagwada, nayang'ana zilembo zonyowazo. Anafuna kuliwerenga mokweza, koma lilime linakana. Zaka zonsezi, ndipo pakamwa pankaonabe ngati ndi mwano.

"Itana," anatero a Deliya. "Ukuopa kukwapulidwa? Munthuyu watha zaka makumi asanu ndi limodzi osalimva."

"Ndi mayi anga."

"N'chifukwa chake. Usanong'one ngati uli m'tchalitchi. Itana monga ankaitanira amayi anga, ngati mbale zikudikira."

A Elube anaimirira, anapukuta maondo, anayang'ana munda wopanda mitengo umene kale panali komboni. Anakoka mpweya, naitana, mawu okalamba akukoka chilembo chomaliza mpaka kutsidya kwa dambo.

"Wee," anavomera a Deliya pambali pawo, asanaganize n'komwe.